Ndinagula Phokoso ku Cuamba

Ndalama zija zinali za batire. Ndiyambire pamenepo, kuti amayi a ana anga akadzamva kuti ndalemba nkhaniyi asadzanene kuti ndaidula mutu. Anali mametikali 4,000 a nandolo wawo, wa m'munda wawo wakumtunda umene ine sindiponyamo khasu. Anawamanga pakansalu n'kundipatsa m'manja usiku woti mawa lake tinyamuka kupita ku Cuamba. Batire la sola la m'nyumba mwathu linali litatheratu. Pofika 7 koloko madzulo babu linkayamba kufiira ngati diso la chidakwa, ndipo mzime wathu ankamalizira ntchito ya kusukulu ndi tochi ya pafoni.

"Mukagule lenileni, bambo," anatero. "Zotchipa zija zimafa mvula isanagwe."

Ndinawayankha kuti ine si mwana.

Ulendowo unali woperekeza mwana wathu woyamba ku sitima ya ku Nampula, kumene akuphunzira za unamwino. Kuchokera kuno ku Mandimba kukafika ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 150. Kale ulendo umenewu unkadya tsiku lathunthu pamodzi ndi msana wa munthu, koma chithirireni phula mumsewu wa N13, ukalawirira pa njinga yamoto umafika dzuwa lisanafike paliwombo. Yanga ndi ya 125, ya ku China, imodzi mwa zija zadzaza chigawo chino, zimene abale athu a ku Namwera ndi Mangochi amadzagula podzera pa Chiponde n'kukachitira kabaza kwawo. Ndakhala nayo zaka zisanu ndi chimodzi. Yasenzapo fodya, feteleza, mbuzi yamoyo, apongozi akudwala, ndipo tsiku lina chitseko chathunthu ndi felemu yake. Sinandisiyepo panjira. Mlandu wake unali umodzi wokha, umene ndinautulukira ndili ndi zaka 52: inkalira ngati makina osokera.

Amene ananditulukitsa mlanduwo ndi anyamata a táxi-mota a pamsika wa m'vila. Tsiku lina ndikugula matemba, panadutsa mnyamata pa njinga yofanana ndi yanga ndendende, koma ikubangula moti msika wonse unatembenuka, amayi a tomato, wosoka nsapato, ngakhale uja amagona pa matumba a makala. Ine nditaliza yanga kuti ndizipita, nkhuku imene inali kutsogolo kwa tayala sinasunthe n'komwe. Ndinachita kuiimbira hutala. Anyamata aja anandikuwira kuti, "Madala, makina osokerawo mwabwereka kwa telala uti?" Ndinaseka nawo ngati munthu wamkulu wosasunga mangawa. Koma mawuwo ndinapita nawo kunyumba, ndinadyera nawo nsima, ndinagona nawo mphasa imodzi kwa milungu itatu.

Ku Cuamba tinagona kwa achibale, m'mawa mwake mwana n'kukwera sitima yake. Batire ndinalipeza, izi zilembedwe. Ndinaligwira ndi manja awiriwa, ndinafunsa mtengo, ndipo ndalama za pakansalu zinkakwana n'kutsalako ya chakudya. Ndinangoti ndiyambe ndazungulira kaye, mwina kwina kuli lotsikirako mtengo. Satana wanga ankandidikira pakhomo lachitatu.

Inali sitolo ya zipangizo za njinga zamoto. Matayala mulu, matcheni m'makatoni, magalasi atapachikidwa ngati nsomba zowamba, ndipo pamwamba pa zonsezo, pawaya, panalendewera maekizozi akung'anima waliwali. Kuno ekizozi timaitchulanso m'Chipwitikizi kuti escape. Mnyamata wogulitsayo anayang'ana njinga yanga pakhomo, anayang'ana ine, n'kunena mawu amene anandidyera ndalama za nandolo.

"Patrão, mota yanuyo ndi yabwino. Koma mwaitseka pakamwa."

Ku Mandimba ndine madala. Ku Cuamba ndinali patrão. Chipewa changa chinayamba kundithina.

Anatsitsa atatu. Yoyamba inali yakuda, yolemera, yofanana ndi ya kufakitale. Imeneyo sindinaiyang'ane kawiri. Yachiwiri inali yasiliva, yaitaliko, yokhala ndi ubweya wagalasi m'kati, ndipo anati imalira mokhuthala popanda kusokosa. Yachitatu inali kachitini kakafupi, kuyambira pachigongono kufika padzanja, kobwera ndi paipi yakeyake yotakata yochokera ku injini. Anandipatsa kuti ndisuzumiremo. Ndinaika diso kukamwa kwake n'kuona msewu wonse wa kutsidya, mpaka mayi wina wosenza beseni la nthochi.

"Mwaona? Utsi ukungodutsa. Yanuyo m'kati muli zipinda ngati nyumba ya lendi, utsi umasochera. Mphamvu zonse za injini zikuthera mmenemo."

Munthu wosankha ekizozi ndi mutu amafunsa kukula kwa paipi poyerekeza ndi yakale, amafunsa ngati kabuleta ifunika kusinthidwa, amaganizira njira imene amayendamo ndi katundu amene amasenza. Zimenezi ndazidziwa pambuyo pake, polipira. Tsikulo ndinafunsa funso limodzi lokha: "Yolira kwambiri ndi iti?"

Pakachitinipo panali chithunzi cha chinkhanira ndi dzina lakuti Akrapovič. Kampani imeneyi ilikodi, ku Slovenia, ndipo imapanga maekizozi a njinga za mpikisano wa MotoGP, ena a chitsulo chopepuka cha titanium. Pa ina mwa zolendewera zija panalembedwa Yoshimura, dzina la kampani ina yotchuka ya ku Japan. Makampani amenewa alibe nane mlandu, sakudziwa n'komwe kuti kuli mudzi wathu. Ekizozi yawo yeniyeni imodzi ingagule njinga yangayi yonse pamodzi ndi mbuzi ija. Chinkhanira changa chinali chomata, ndipo mchira wake unali utayamba kale kumatuka pakona. Ndinaona. Ndinaukanikiza ndi chala chachikulu kuti ugwire, kuthandiza mnyamatayo kundinamiza.

Kukamwa kwa kachitiniko kunali kachitsulo kobowolabowola kogwidwa ndi sikuluwu imodzi, kamene ntchito yake n'kuchepetsa phokoso.

"Aka tikasiye, patrão?"

"Chotsa."

Anakachotsa n'kukaponya pansi, kamwana kena n'kukatola kukaseweretsa. Ndinalipira 2,500. Wowotcherera wa pakona anatenga 300 pokonza pomangira. Ekizozi yakale anaimasula yathunthu, manati awiri ku injini ndi bawuti imodzi kumbuyo, ine n'kuimangirira pa kaliyala ndi mphira. Ndalama zotsalazo zinapita ku petulo ndi theka la nkhuku yowotcha, pakuti patrão sadya chinangwa.

Ndinama ndikanena kuti sindinasangalale. Nditaponda kiki, anthu a m'masitolo oyandikana anatuluka kudzaona. Potuluka m'tauni, phiri la Mitucué likundiyang'ana, ndinapotokola moto mpaka pamapeto ndipo ndinamva ngati zaka makumi awiri zagwa pamsana panga n'kutsalira paphula. Ana a sukulu ankakuwa. Mbuzi zinkapatuka zokha ndikadali kutali. Ndikatseka moto pamalo otsetsereka, kumbuyo kunkamveka pha! pha! ndipo ndinkati ndiye mphamvuzo. M'mutu mwanga ndinkathamanga 120. Nditayang'ana kamuvi koonetsa liwiro, kanali pa 80, pomwe kamathera masiku onse. Ndinati kamuviko kawonongeka, ndidzakakonzetsa. Petulo amene amandifikitsa pakhomo anathera panjira, ndinachita kugula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ndipo zimenezinso ndinazipezera chifukwa: mphepo.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Panalibe chifukwa choodira, mudzi wonse unali kale panja. Amayi a ana anaima pakhomo pa khitchini, chipande chili m'manja. Ndinaona milomo yawo ikuyenda koma m'makutu mwanga munali nyenje zokhazokha.

"Mwati chiyani?"

"Ndati batire lili kuti?"

Ndinati abwinoabwino atha, akubwera sabata yamawa kuchokera ku Nampula, ndipo ndalama ndasiyira mwini sitolo kuti atisungire loyamba kutsika.

"Nanga ichi?"

Ndinati yakale inabowoka panjira, ndinalibe kuchitira mwina.

Anaika chipande pa mtondo. Anamasula okha mphira wa pa kaliyala, ananyamula ekizozi yakale ija n'kuitembenuza mbali zonse poyera, kuisisita ndi chala kuyambira kumutu mpaka kumchira ngati akusankha nzimbe. Bowo sanalipeze, chifukwa kunalibe. Anandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Madzi osamba ali kubafa." Kenako anaifungatira ngati mwana n'kuzimiririka nayo kuseri kwa nyumba. Zaka 27 za ukwati zandiphunzitsa kuti akazi anga akakalipa ndiye kuti mlandu watha. Akatchula madzi osamba, mlandu wangolembedwa kumene m'kaundula.

Chinthu choyamba chimene chinkhanira chinandilanda ndi timabodza tanga. Mwamuna aliyense wapabanja ali nato tiwiri titatu tosapweteka munthu, monga kunena kuti wachedwa kudimba pamene anali pa bawo pansi pa mtengo wa mango ndi kabotolo kamodzi. Tsiku lina ndinayesa kotero. Amayi a ana, osakweza n'komwe maso pa ndiwo zimene ankasadzula, anandiwerengera ulendo wanga wonse. Munadutsa pamlatho 4 koloko. Munazima injini pa mango paja. Munailizanso mdima utagwa, n'kuimanso pang'ono pa golosale. Kudimba simunapondeko, chifukwa ikakhala kudimba imamvekera kum'mawa. Bambo wina amene ndinali naye ngongole ya feteleza, amene kale ana ankangomuuza kuti achokapo, analeka kuvutika ndi maulendo opanda pake. Ankakhala kwawo, kutsidya kwa dambo, n'kumamvetsera. Ndikangozima injini pakhomo, ndisanavule n'komwe nsapato, odi wake wafika.

Aneba athu ndi a shehe, munthu wofatsa ngati madzi a m'mtsuko. Anabwera Loweruka lina, anakhala pampando, anafunsa za chimanga, za ana, za wa ku Nampula, za mtengo wa feteleza. Titamaliza dziko lonse, anati njinga yanga ili ndi mawu abwino kwambiri, kungoti m'bandakucha ikumapikisana ndi woitanira anthu ku swala, ndipo woitanayo ndi wokalamba, sangapambane. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaikankha kuchokera pakhomo, kudutsa mzikiti, mpaka kuseri kwa mjigo, ndiye n'kuiliza. Munthu wogula mphamvu ndi ndalama, m'mawa uliwonse akukankha njinga yake yomwe monyang'ama ngati waiba.

Kachitiniko kanalibenso chitsulo chotchinga kutentha chija chimakhala pa ekizozi ya kufakitale. Lamulungu lina popita kutchalitchi, chitenje chatsopano cha amayi a ana chinapsa bowo lokwana chikhatho. Anatsika, analiyang'ana, anayenda wapansi mtunda wotsalawo, ndipo sanakwerenso. Usiku wake wa ku Nampula anaimba foni.

"Baba, amayi akuti masiku ano chilichonse akumachinena kawiri."

Anandiuza kuti phokoso amaliyeza m'madesibelo, kuti munthu akakhala tsiku lonse la ntchito m'phokoso lofika 85 makutu amayamba kuwonongeka, kuti akawonjezekera khumi khutu limamva ngati phokosolo lawirikiza kawiri, ndiponso kuti m'kati mwa khutu muli timaubweya tating'ono timene tikafa sitimeranso. Ndinamuuza kuti netiweki ikuvuta, sindikumumva bwino. Anati si netiweki.

Za mphamvu zimene ndinalonjezedwa, mboni yake ndi chitunda cha mchenga chotulukira m'dambo la kumunda kwathu. Zaka zonsezi makina osokera aja ankakwera pamenepo ndi matumba awiri a chimanga mu giya yachiwiri, akung'ung'udza pang'onopang'ono osadandaula. Ndi chinkhanira, nditafika pakati pa chitunda injini inati bo-bo-bo n'kuzima. Ndinabwerera chafutambuyo, miyendo ikukwekwereza mumchenga. Ndinayesanso mu giya yoyamba, moto wonse, kilatchi ndikuigwira theka mpaka inayamba kununkha, phokoso likumveka mwina mpaka ku Chiponde, liwiro la kamba. Amayi awiri ochokera kotunga madzi anandipitirira ndowa zili pamutu. Mmodzi anafunsa ngati ndikufuna andikankheko.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandithyola ndi maliro a ku Ngauma.

Anatisiya ndi malume awo a akazi anga, m'mudzi wina wa kuseri kwa Massangulo. Akazi anga anatsogola pa chapa, minibasi ya kuno, tsiku lomwelo la uthenga, ine ndinatsatira m'mawa wa tsiku loika. Msewu wochokera ku Mandimba kupita kumeneko ndi wokwera, pakuti ndi womwewo umakathera pamwamba ku Lichinga, ndipo paphula lokwera njinga inkabangula mokoma moti ndinaiwala kuti ndikupita kokalira. Nditapatuka paphula, njira ya kumudziko ndi yotsetsereka. Ndinaona masamba atayalidwa panjira, chizindikiro chakuti pano pali zovuta, ndipo ndinachita chimene munthu aliyense woleredwa amachita. Ndinatseka moto kuti ndifike mwaulemu.

Pha! Pha-pha! Phaaa!

Nyimbo ya amayi a mpingo inaduka pakati. Amuna amene anakhala pansi pa mtengo anadzambatuka, mipando ina kugwa chagada. Gogo wina amene ankabwera ndi ndowa ya madzi anaiponya uko n'kudzigwetsa chafufumimba m'mbali mwa nkhokwe, manja ali kumutu. Sanachite kuganiza. Thupi lake linakumbuka lokha.

Ana anaseka. Akuluakulu sanaseke. Dera lino linaona nkhondo ya zaka 16, ija inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo ine ndi akazi anga, tili ana osadziwana, tinali m'gulu limenelo. Chichewa ndikulembachi ndinachiphunzira pasukulu ya kutsidya kwa Chiponde masiku amenewo. Apongozi anga anayenda usiku m'tchire ndi ana anayi, wakhanda atamutseka pakamwa ndi dzanja kuti asamveke. Ndiye ine, wodziwa zonsezi, ndinabweretsa kulira kwa mfuti pa maliro a mlongo wawo, nditakugula ndi nandolo wa mwana wawo.

Ndinazima injini. Kunali zii, kupatula madzi a m'ndowa ija akuyenderera m'fumbi. Ndinavula capacete, chipewa changa cha panjinga, ndinakagwada pamene panali amuna, ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Palibe anandikalipira, ndipo kusakalipako n'kumene kunawawa. Apongozi salankhula nane maso ndi maso, ulemu wa kwathu sulola. Madzulo, titabwerako kumanda, anaitana mwana wawo pamalo poti ine ndimve, n'kunena mosakweza mawu:

"Ukawauze bambo a kwanuwo kuti nkhondo inatha 92."

Pali china chimene sindinauzepo munthu. Ndikumangirira katundu kuti ndizipita, anyamata awiri mwa adzukulu anabwera kudzazungulira njinga, dothi la kumanda likadali m'miyendo. Mmodzi anagwada, anasisita chinkhanira, n'kunong'ona kuti, "Madala, iyi ndiye mota." Ndikuulula pamaso pa Mulungu ndi owerenga kuti, manyazi onse aja ali pakhosi, kamtima kanga kanavinako pang'ono. Kenako ndinaikankha chitunda chonse mpaka kuphula, amayi a ana akuyenda patsogolo osacheuka.

M'mawa mwake ndinapita kwa a mestre, mkulu amene wakhala akukonza njinga zamoto kuno kuyambira masiku amene zinali za bambo mfumu ndi alangizi a zaulimi okha. Sanafune n'komwe kuti ndiilize; anati akhala akuimva miyezi iwiri. Anamasula vela, ija a ku Malawi amati pulagi, n'kundionetsa nsonga yake. Inali mbee ngati ufa woyera. Anati ya injini yokhuta bwino imakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka. Anandilozera paipi pafupi ndi injini, pamene inasanduka yabuluu. Atamasula kachitini kaja anasuzumiramo monga ndinachitira ine ku Cuamba.

"Mkuyu wokoma kunja, m'kati mumakhalako nyerere," anatero. "Umu mulibe ngakhale nyerere."

Anandikhazika pa chitini cha oilo n'kundiphunzitsa ngati mwana wa kalasi yoyamba. Injini yangayi ili ndi silinda imodzi, ndipo imabwereza ntchito zinayi: imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, imaupanikiza, vela imauyatsa n'kuphulika, kenako utsi umakankhidwira kunja. Ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, ndiye kuti m'katimo mukuphulika ka 50 pa sekondi iliyonse. Kulira kwa njinga ndi kuphulika kumeneko. Zipinda za lendi zimene mnyamata uja ankazinyoza ntchito yake n'kulandira kuphulikako, kukupatsa malo otambasukira, kukuwombanitsa kokhakokha mpaka kutuluke kutafooka. N'chifukwa chake ekizozi ya kufakitale imalemera.

Za mphamvu anandifotokozera ndi ngalande ya kudimba, podziwa kuti ndicho chinenero chimene ndingamve. M'ngalande yopapatiza madzi amathamanga n'kukokolola zinyalala zonse. Mukaikulitsa, madzi omwewo amayenda mwaulesi n'kusanduka thope. Utsinso ukamathamanga mu paipi yoyezedwa bwino umasiya kumbuyo kwake mphamvu yoyamwa, imene imakoka utsi wotsalira mu silinda n'kuthandiza kulowetsa mpweya watsopano pa kanthawi kochepa kamene mavalavu onse awiri amakhala otseguka. Opanga njinga zonga yangayi anayeza kukula ndi kutalika kwa paipi kuti kuyamwako kuzigwira injini ikamazungulira pang'onopang'ono ndi pakatikati, pamene amayendetsera munthu wosenza chimanga. Mu paipi yanga yotakata ija utsi umayamba kuthamanga pokhapokha injini ikakuwa kumapeto kwenikweni. Kumeneko, anatero a mestre, mwina inawonjezadi kenakake, koma pa injini ya mphamvu za akavalo khumi kenakakeko sikakwana mwendo umodzi wa kavalo. Pansi, pamene ndimafunira mphamvu pa chitunda cha mchenga, inandilanda.

Kabuleta nayo sidziwa kuti mwini wake wapenga. M'kati mwake muli kachitsulo kamkuwa kokhala ndi kabowo, jeti, kamene kamayeza petulo, ndipo kanasankhidwa kuti kagwirizane ndi ekizozi yakale: magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera. Mukatsegula njira ya utsi osakhudza jeti, injini imameza mpweya wochuluka pa petulo yemweyo. Phala lachepa ufa. Injini imatentha kupitirira muyeso, vela imayera, ndipo mukaumirira, valavu ya utsi imapsa m'mphepete n'kuleka kutseka bwino. Mfuti ya ku Ngauma ija nayo inachokera pomwepo. Mukatseka moto njinga ikutsetsereka, petulo amachepa kwambiri moti zosakaniza zina siziyaka mu silinda. Zimatuluka zosapsa, zimakumana ndi paipi yotentha ndi mpweya wolowera kukamwa kwa kachitini kakafupiko, n'kuphulikira mmenemo. Ekizozi yakale inkameza timaphokoso totero. Yatsopanoyi inkatilengeza ngati wailesi.

Ndinafunsa kuti ngati injini ikusowa petulo, nanga bwanji thanki ikutha msanga? Anati chimenecho si cha injini, ndi cha dzanja langa. Munthu wogula phokoso amafuna kulimva.

"Kodi bambo, inu mumathamangira kuti?" anafunsa. "Mumanyamula chiyani? Mumadutsa njira yanji?"

Ndinati kumunda, kumsika, kutchalitchi. Chimanga, fodya, amayi a ana masiku amene ankakwera.

Anati akhoza kuika jeti yokulirapo, kukweza singano ya mu kabuleta, ndi kundisulira kachitsekero kena m'malo mwa kaja ndinataya. Mfuti isiya, injini izizirako, petulo izimwa wochulukirapo, koma pa chitunda cha kudambo sidzabwereranso mmene inalili chifukwa paipiyo ndi yotakata basi. Akanakhala mnyamata wa paphula wosanyamula kanthu, anatero, akanamuuza agule yasiliva ija yapakati n'kubwera nayo kuti aiyezere jeti. Koma ine?

"Yakale ija ili kuti?"

Usiku umenewo ndinadikira mpaka mzime atagona. Tinali mu mdima, pa chifukwa chimene owerenga akuchidziwa.

"Amayi, chitsulo chakale chija munachiika pati?"

"Chobowoka chija?"

"Chomwecho."

"Mukufuna chitsulo chobowoka cha chiyani, bambo?"

Ndinakhala duu. Kunja kunkalira achule. Kenako ndinayamba kuyambira pakhomo lachitatu la ku Cuamba, patrão, chinkhanira chomatuka mchira, mpaka theka la nkhuku. Za mwini sitolo wosunga ndalama ndinati kulibe munthu wotero. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anayatsa tochi ya pafoni, anatuluka, ndinamva akusuntha zinthu kunkhokwe. Anabwera nayo itakulungidwa m'saka, itapakidwa mafuta kuti isachite dzimbiri. Ndinatambasula manja.

"Ndikugulitsa," anatero.

"Zingati?"

"4,000. Ndi yeniyeni imeneyi. Zotchipa zija zimafa mvula isanagwe."

Ndinayesa kunenerera. Anati mtengo watsika kale, chifukwa chitenje sanachiwerengere. Loweruka lake ndinakagulitsa tonde wanga. Batire anakagula okha ku Cuamba pa chapa, ndipo lisiti lake analikhoma ndi msomali pakhoma, moyang'anana ndi pamene ndimakhala podya. A mestre anabwezeretsa ekizozi yakale ndi manati awiri ndi bawuti imodzi, anaika vela yatsopano, ndipo makina osokera anakwera chitunda cha kudambo ndi matumba awiri mu giya yachiwiri, nkhuku osasuntha.

Chinkhanira ndinagulitsa 1,000 kwa mmodzi wa anyamata a táxi-mota aja anandiseka za makina osokera. Ndinamuuza zonse za jeti ndi valavu, iye akungogwedeza mutu maso ali pa chomata, ndipo ndinazindikira nkhopeyo. Chimene sindinafunse ndi kumene amagona. Amachita lendi kuseri kwa mudzi wathu, ndipo njira yake yopita kuchipata cha m'malire kukadikira apaulendo oyamba imadutsa pakati pa nyumba yanga ndi mzikiti. A shehe masiku ano akandipatsa moni amandiyang'ana nthawi yaitali. M'bandakucha uliwonse, kubangulako kukayamba kumveka kuchokera kumjigo, chigongono chimandigunda m'nthiti.

"Dzukani, bambo, mumve nandolo wanga akupita ku Chiponde."